Zithunzi zonyenga maso: n'chifukwa chiyani zina zimagwira pomwe zina zimakana?

bulashi_yatsopano:
Akuluakulu, thandizeni. Funso langa ndi la chithunzi chija cha mabokosi akuda ndi oyera ondandalikidwa m'mizere, chomwe mizere yake imaoneka yopendekeka chonsecho ndi yowongoka. Pa foni chimagwira bwinobwino, koma pa thabwa chikukana. Miyeso ndi iyi: thabwa la 60 cm mbali zonse, bokosi lililonse 5 cm, mpata wa pakati pa mizere 1 cm ndipo ndi woyera, mzere uliwonse ndi wosunthidwa ndi bokosi lathunthu. Cholakwika chili pati?

wa_zikwangwani:
Achimwene, zolakwika zilipo zitatu, ndipo chilichonse pachokha chikhoza kupha chithunzicho.

Kusuntha ndi bokosi lathunthu kumapangitsa kuti lakuda likhale pansi pa loyera ndendende, ndiye palibe chopendeketsa mzere. Sunthani ndi theka la bokosi, kutanthauza 2.5 cm. Mukamasuntha mzere wina kumanja, wotsatira n'kubwerera, mizereyo idzaoneka ikukumana ndi kutalikirana mosinthana. Mukamasunthira mbali imodzi yokhayokha, yonse idzapendekera kumodzi.

Mpata wa 1 cm wakula kwambiri. Pa mabokosi a 5 cm, ikani 2 kapena 3 mm basi.

Chachikulu pa zonse ndi mtundu wa mpatawo. Uyenera kukhala wotuwa, wa pakati pa kuda ndi kuyera.

Aphunzitsi a Luso:
A Zikwangwani anena zoona. Ndiwonjezere chifukwa chake, kuti mukadzafuna kusintha mitundu mudziwe choti musachikhudze.

Chithunzi chimenechi anachifufuza ndi Richard Gregory ndi Priscilla Heard, ndipo anafalitsa zomwe anapeza mu 1979. Chinaonedwa pa matailosi a khoma la malo omwerapo khofi ku Bristol. Iwo anapanga chipangizo chotha kusintha kuwala kwa kamzere ka pakatiko, napeza kuti kupendekeka kumakula kamzereko kakakhala kowala kuposa mabokosi akuda koma kodera kuposa oyera.

Zimachitika chonchi. Pomwe kamzere kotuwako kadutsa pakati pa mabokosi awiri akuda, kamaoneka kowala, ndiye diso limakalumikiza ndi loyera la pamwamba mbali ino ndi loyera la pansi mbali inayo. Pomwe kadutsa pakati pa oyera awiri, kamaoneka kodera, n'kulumikizana ndi akuda mwa njira yomweyo. Zotsatira zake ndi tizidutswa tating'onoting'ono topendekeka, tondondozana. Ubongo umatiphatikiza tonse n'kuona mzere umodzi wautali wopendekeka. Kamzereko kakanenepa, diso limakaona kuti ndi lamba payekha, ndipo kulumikizana kuja kumatha.

Mukhoza kugwiritsa ntchito buluu woderatu ndi chikasu chowala m'malo mwa wakuda ndi woyera. Koma mitundu iwiri yofanana kuwala, monga wofiira ndi wobiriwira wofanana naye mphamvu, sigwira ngakhale pang'ono. Chinyengochi chimadalira kusiyana kwa kuwala, osati kwa mtundu.

bulashi_yatsopano:
Zikomo aphunzitsi. Nanga wotuwayo ndisakanize theka wakuda theka woyera? Ndipo kamzere ka 3 mm ndikapenta bwanji kosakhota?

wa_zikwangwani:
Theka ndi theka ayi. Penti wakuda ali ndi mphamvu kwambiri, mudzapeza chinthu choderatu. Yambani ndi woyera, muzidonthezamo wakuda pang'onopang'ono. Pakani kachigamba pa pepala, dikirani kaume, chifukwa penti wa acrylic akauma amadera kuposa mmene amaonekera ali wamadzi. Kenako kaikeni pakati pa pepala lakuda ndi loyera, mutsinzine maso pang'ono. Kakamaoneka kotalikirana mofanana ndi onse awiri, mwafika.

Kamzereko simukapenta ndi bulashi. Ndondomeko yake ndi yobwerera m'mbuyo. Pakani thabwa lonse ndi wotuwayo kawiri, liume usiku wonse. Yesani ndi rula ya chitsulo, mumate tepi yopyapyala ya 3 mm pomwe padzakhale timizere. Tsindirani m'mphepete mwa tepiyo ndi chikhadabo. Tsopano pakaninso wotuwa yemweyo pang'ono pamwamba pa tepi: ngati pali kampata, wotuwa ndiye alowemo n'kutseka, osati wakuda. Akauma, pakani woyera paliponse, akauma matani tepi ya mabokosi, pakani wakuda. Penti azikhala wochepa pa bulashi, kawiri kopyapyala kuposa kamodzi kokhuthala. Matulani tepi penti womaliza asanaumiretu, mukukokera cham'mbuyo pang'onopang'ono. Mukadikira aumiretu, acrylic amakhala chikopa chimodzi ndi tepi n'kung'ambika m'mphepete.

Mayi Woluka:
Mfundo ya aphunzitsi yakuti wotuwa mmodzi amaoneka mitundu iwiri ndiyo gwero la zambiri mwa zimenezi, ndipo oluka nsalu anaidziwa kalekale. Michel Eugène Chevreul anali woyang'anira za utoto pa fakitale ya Gobelins ku Paris. Panali madandaulo akuti ulusi wakuda ukutuluka wofooka. Atauyesa anapeza kuti utoto ulibe vuto, koma wakudayo amasintha maonekedwe malinga ndi ulusi womwe wayandikana nawo. Anazilemba mu 1839. Lamulo lake ndi lakuti mtundu uliwonse umakankhira mnzake wa pafupi ku mtundu wotsutsana nawo: wotuwa pa chofiira amaoneka wobiriwirako, pa chikasu amaoneka wa pepo, pa buluu amaoneka wa olenji.

Amene akufuna kuphunzitsa diso lake ayese njira ya Josef Albers, yemwe ankagwiritsa ntchito mapepala amitundu m'malo mwa penti, popeza pepala silisintha ukalidula pawiri. Dulani timabokosi tiwiri ta 2 cm kuchokera pa pepala limodzi. Ikani kamodzi pakati pa pepala lodera la 10 cm, kena pa lowala. Yang'anani pamalire pa mapepala akuluwo, osati pa timabokosito. Kuti zigwire bwino, kabokosiko kakhale ka mtundu wofatsa, ndipo mapepala akuluwo akhale amphamvu. Mukaika kamzere kakuda kozungulira kabokosi, kapena timabokosito tikakhudzana, chinyengo chimachepa nthawi yomweyo.

diso_limodzi:
Mayi mwakhudza penipeni. Chida chothandiza kwambiri pa ntchito imeneyi aliyense ali nacho m'thumba: jambulani ntchito yanu ndi foni, musinthe chithunzicho kuti chikhale chakuda ndi choyera. Mudzaona pomwepo mitundu yomwe ili yofanana kuwala, chifukwa idzasungunukirana.

Nthawi zina kufananako ndi komwe mukufuna. Mu chithunzi cha Claude Monet cha kutuluka kwa dzuwa pa doko la Le Havre, cha 1872, dzuwa la olenji limaoneka ngati likuthwanima. Mukachotsa mitundu, dzuwalo limatsala pang'ono kuzimiririka, popeza kuwala kwake n'kofanana ndi kwa mitambo yolizungulira. Margaret Livingstone wa ku Harvard anafotokoza kuti gawo la ubongo loona malo ndi kuyenda kwa zinthu limadalira kusiyana kwa kuwala, pomwe gawo lozindikira chinthu limaona mitundu. Lina likuona dzuwa, linalo silikupeza pomwe lili, ndiye dzuwalo silikhazikika.

Choncho pali njira ziwiri. Mukufuna mizere ipendekeke kapena iyende, talikitsani kuwala. Mukufuna malire anjenjemere, fananitsani kuwala koma mutalikitse mitundu, monga wofiira ndi buluu wobiriwirako. Chachiwirichi musachiike pa malembo, amapweteka maso powerenga.

kampasi_ndi_rula:
Nanga mabwalo aja ooneka ngati akuzungulira? Alipo anawapentapo pa manja n'kugwira?

Aphunzitsi a Luso:
Amagwira, koma salola kulakwitsa. Odziwika kwambiri ndi a Akiyoshi Kitaoka a 2003, ooneka ngati njoka zodzikulunga. Chinsinsi chake ndi ndondomeko ya magawo anayi obwerezabwereza: wakuda, buluu wodera, woyera, chikasu, kenako wakuda kachiwiri. Bwalo limaoneka likuyenda kuchoka ku wakuda kupita ku buluu, ndi kuchoka ku woyera kupita ku chikasu. Ofufuza amati magawo osiyana kwambiri ndi malo owazungulira, wakuda ndi woyera, amafika ku ubongo msanga kuposa buluu ndi chikasu, ndipo kuchedwa pang'onoko ubongo umakumva ngati kuyenda.

Pojambula, gawani bwalo m'zigawo 24 za madigiri 15, chilichonse chikhale ndi mitundu inayi ija. Jambulani mphete zinayi kapena zisanu, ina m'kati mwa inzake, iliyonse yosunthidwa ndi theka la chigawo. Ndondomeko isatembenuke m'mphete imodzi. Mukafuna bwalo loyandikana nalo lizungulire mobwerera, tembenuzani ndondomeko m'bwalo lonselo.

Zolepheretsa zake ndi izi. Buluu akadera mpaka kufanana ndi wakuda, kapena chikasu chikayera mpaka kufanana ndi woyera, magawo amatsala awiri ndipo palibe choyenda. Apa njira ya foni ya a Diso ndi yofunika: muyenera kuona masitepe anayi osiyana bwino. Chinanso, bwalo limodzi lokha silikwanira. Kuyendaku kumaoneka m'mbali mwa diso, ndipo kumadzuka diso likasuntha kapena likaphethira. Bwalo lomwe mwalipenyetsetsa limaima. N'chifukwa chake pamafunika mabwalo asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, kuti pomwe mukuyang'ana limodzi, enawo aziyenda. Pamalo pamdima mphamvu yake imachepa, ndipo alipo anthu ena omwe sakuona kuyendako n'komwe ngakhale maso awo ali abwinobwino.

wosema_miyala:
Ndifunse mosapsatira, abale. Kodi zimenezi ndi luso kapena masamu? Munthu akadabwa kamodzi, mawa chithunzicho chimuuzanso chiyani? Kukopera chojambula cha katswiri wa za maso n'kuchipachika pakhoma, ine sindikuona kuti wajambula ndani.

Mayi Woluka:
Bambo, pa kukopera ndikugwirizana nanu. Koma onani ntchito ya Bridget Riley. Mu chithunzi chake cha Movement in Squares, cha 1961, anatenga mabokosi akuda ndi oyera, kutalika kwake kosasintha, n'kumachepetsa m'lifupi mwake pang'onopang'ono mpaka atasanduka timizere, kenako n'kuyambanso kukula. Chinsalu chosalala chimaoneka chapindikira m'kati. Malo opindikirawo sali pakati, ali cha kumanja, ndipo liwiro la kucheperako anachita kusankha. Zimenezo palibe buku la sayansi lomwe linamuuza. Iye anaphunzira za kuona pokopera chithunzi cha Georges Seurat mu 1959, ndipo kuyambira m'ma 1960 ankakonza miyeso ndi mitundu pa mapepala, omuthandiza n'kumapenta chinsalu chachikulu. Ntchito yake inali pa kusankhako. Victor Vasarely naye, mbidzi zake za m'ma 1930 zilibe mzere wozungulira thupi, nyamazo zimatuluka m'kupindika kwa mizere yakuda ndi yoyera yokha.

Chiwonetsero cha The Responsive Eye ku New York mu 1965 chitachitika, amalonda anayamba kudinda zoterezi pa madiresi, ndipo Riley zinamupweteka kwambiri. Ndiye nkhawa yanu si yachilendo. Kwa ine muyeso ndi uwu: chinyengo chikachotsedwa, kodi chotsalacho chili ndi kamangidwe koti munthu n'kuchiyang'anabe?

choko_pamsewu:
Ndibwere ndi mbali yomwe masamu ake sabisika, ya zithunzi za pansi zooneka ngati zaimirira kapena ngati dzenje, zomwe Kurt Wenner ndi Julian Beever amadziwika nazo. Ambiri amangotalikitsa chithunzi mofanana paliponse, ndiye chimaoneka chogona. Kutalikitsako kuyenera kumakula pamene mukutalikira.

Yambani ndi kusankha malo amodzi oonerapo, muikepo chizindikiro. Yesani kutalika kwa diso kapena kamera kuchoka pansi. Tinene kuti ndi 160 cm. Sankhani pomwe tsinde la chinthu chanu likhale, tinene 300 cm kuchoka pa chizindikiro. Kuti mupeze pomwe mfundo iliyonse igwere pansi, chulukitsani 300 ndi 160, mugawe ndi zomwe zatsala mukachotsa kutalika kwa mfundoyo pa 160.

Mfundo ya 20 cm m'mwamba imagwera pa 343 cm.
Ya 40 cm, pa 400 cm.
Ya 60 cm, pa 480 cm.
Ya 80 cm, pa 600 cm.
Ya 100 cm, pa 800 cm.
Ya 120 cm, pa 1200 cm.

Taonani mipatayo. Masentimita 20 oyamba atenga 43 cm ya pansi, omaliza atenga mamita anayi athunthu. Chinthu chofika pa 160 cm sichingajambulike pansi, chifukwa mzere wochoka m'diso sugunda nthaka. M'lifupi namonso mumakula ndi muyeso womwewo: bokosi la 100 cm pa tsinde limakhala 133 cm pa mfundo ya 40, ndi 200 cm pa mfundo ya 80. Mizere yonse yomwe ikuyenera kuoneka yoimirira iloze pa chizindikiro chanu chija. Khomani msomali kapena ikani mwala wolemera pamenepo, mumangepo chingwe chopaka choko, muzichikoka n'kuchimenyetsa pansi.

Malo akachepa, kwezani diso. Kamera ikakhala pa 300 cm, pa makwerero kapena pa khonde la m'mwamba, mfundo ya 80 cm ija imagwera pa 409 cm m'malo mwa 600.

kampasi_ndi_rula:
Nanga dzenje, achimwene? Masamu ndi omwewo?

choko_pamsewu:
Omwewo, kungoti mumaphatikiza m'malo mochotsa. Tinene kuti mphepete ya pafupi ili pa 200 cm, ya kutali pa 400 cm, dzenje lakuya 100 cm. Tsinde la khoma la kutali lidzagwera pa 400 kuchulukitsa 160, kugawa ndi 260, zomwe ndi 246 cm. Ndiye kuchoka pa 400 kubwerera pa 246 mukujambula khoma la dzenje, ndipo kuchoka pa 246 kufika pa 200 mukujambula pansi pake. Dzenje la miyeso imeneyi likazama kuposa 160 cm, pansi pake sipaonekanso, mumangojambula khoma lomka lidera. Khoma la pafupi silioneka, musalijambule. Dzenje ndi losavuta kuposa chinthu choimirira chifukwa zonse zimathera m'kati mwa mphepete zake, ndiye oyamba kumene ayambire pamenepo.

Zomwe zimaononga ntchito yoyesedwa bwino ndi mthunzi. Yang'anani komwe mithunzi yeniyeni ikugwera pa ola lomwe chithunzi chidzaonedwe, yanu iloze komweko. Pomwe chinthu chagunda pansi, mthunzi ukhale wakuda kwambiri ndi wakuthwa, uzifewa pamene ukutalikira. Popanda kamthunzi ka pa tsindeko, chinthucho chimaoneka chikuyandama. Mbali ya kutali muikemo mizere yonenepa ndi mitundu yamphamvu, chifukwa diso lidzaifinya. Kachinthu kakang'ono kojambulidwa pa mamita asanu ndi atatu ndi ntchito yotayika.

diso_limodzi:
Ndiwonjezere chifukwa chomwe zithunzi zimenezi zimakongola pa kamera kuposa pamaso. Maso athu ndi otalikirana pafupifupi 6 cm, ndipo ubongo umayerekeza zomwe lililonse laona kuti udziwe kuya kwa zinthu. Pa mamita ochepa, maso awiri amaulula msanga kuti pansipo ndi posalala. Kamera ili ndi diso limodzi. Woonera atsinzine diso limodzi, asagwedeze mutu, ndipo chithunzicho chidzadzuka.

Akale ankazidziwa. Andrea Pozzo anajambula denga la tchalitchi cha Sant'Ignazio ku Rome kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, ndipo pansi pali mwala wozungulira wosonyeza poima. Ukaima pamenepo zipilala zojambulidwa zimakwera kumwamba molunjika, ukasuntha zimayamba kugwa. Kumeneko maso awiri sasokoneza kwenikweni popeza denga lili kutali. Chigaza chojambulidwa mopotoka mu chithunzi cha The Ambassadors cha Hans Holbein, cha 1533, chomwe chili ku National Gallery ku London, chimaoneka bwino ukaima cha m'mbali kumanja, pafupi ndi khoma. Ndiye chizindikiro cha poima ndi gawo la ntchito yanu, musachisiye.

wa_zikwangwani:
Kwa ogwira m'nyumba, pa ngodya ya makoma kapena pa masitepe, pulojekita imachotsa masamu onsewo. Ndi njira yomwe Felice Varini amagwiritsa ntchito. Galasi la pulojekita likhale ndendende pomwe diso la woonera lidzakhale. Zimitsani kaye mbali ija yomwe imawongola yokha chithunzi, apo ayi idzapotoza miyeso. Matani miyendo ya choikapo ndi tepi pansi, ndipo lembani mfundo zinayi pakhoma zoti muziyang'anirapo ngati yasuntha. Vuto lina ndi lakuti siingaonetse bwino khoma la pafupi ndi la kutali nthawi imodzi. Lembani mbali imodzi ndi pensulo, sinthani galasi mosagwedeza, lembani inayo. Gwiritsani ntchito penti wosanyezimira, chifukwa kunyezimira kumaulula pomwe khoma lakhota. Makoma awiri salandira kuwala kofanana, choncho mtundu wa pa khoma lowala muuderetse pang'ono kuti mbali ziwirizo zioneke chinthu chimodzi.

bulashi_yatsopano:
Ndaphunzira zambiri. Funso lina: timadontho ta penti tomwe Seurat ankajambulira zithunzi zake. Ndikaika ta buluu ndi ta chikasu moyandikana, patali tidzaoneka tobiriwira?

Aphunzitsi a Luso:
Osati wobiriwira wa m'chitini. Mukasakaniza penti, aliyense amameza gawo lake la kuwala n'kutsala wobiriwira. Timadontho tikasakanikirana m'diso, kuwala kwa tonse kumagawanika pakati, ndipo buluu ndi chikasu amazimitsana n'kupereka mtundu wotuwa. Seurat mwini, mu chithunzi chake chachikulu cha La Grande Jatte cha 1884 mpaka 1886, udzu anaupaka ndi penti wobiriwira, n'kuwazamo timadontho ta chikasu ndi olenji powala, ta buluu mumthunzi.

Za mtunda, diso labwino limalekanitsa zinthu ziwiri zotalikirana 1 mm mpaka pa mamita pafupifupi 3.4. Timadontho ta 3 mm takuda ndi toyera timafuna mamita oposa 10 kuti tisungunuke. Koma diso siliona mitundu mwakuthwa ngati mmene limaonera kuwala, ndiye timadontho tosiyana mtundu koma tofanana kuwala timasakanikirana pafupi kwambiri kuposa pamenepo. Yesani kaye kutalika kwa chipinda chomwe chithunzi chidzapachikidwe, kenako musankhe bulashi.

kampasi_ndi_rula:
Ndisiye kanthu kwa okonda mizere, ka mafunde aja otuluka mizere iwiri ikasanjikizana, omwe Jesús Rafael Soto ankapanga popachika timawaya patsogolo pa thabwa la mizere. Jambulani mizere yakuda yobwereza pa 4 mm iliyonse pa thabwa loyera, 2 mm wakuda ndi 2 mm woyera. Pa pulasitiki yoonekera jambulani yobwereza pa 4.2 mm. Mukasanjikiza, mafunde adzatuluka pa 84 mm iliyonse: chulukitsani manambala awiriwo, mugawe ndi kusiyana kwake. Kusiyana kukachepa, mafunde amakula. Mukasiya mpata wa 2 kapena 3 cm pakati pa pulasitiki ndi thabwa, mafundewo amayenda munthu akamadutsa.

Dziwani kuti chimakulitsa zolakwika mofanana ndi mmene chimakulitsira kuyenda. Pa miyeso imeneyi, mzere ukaphonya ndi kachigawo ka milimita, funde limakhota mowirikiza pafupifupi ka 20. Mizere ya pa pulasitiki ndi bwino kuidinda ndi makina kusiyana ndi kuijambula pa manja.

bulashi_yatsopano:
Ndiyambiranso thabwa lija. Ndikamaliza ndipake vanishi wanji?

wa_zikwangwani:
Wosanyezimira, koma mosamala. Vanishi wotere ali ndi ufa womwe umayeretsa wakuda ukachuluka, ndipo wakuda akatuwa, kusiyana kwa kuwala komwe chithunzi chanu chikudalira kumachepa. Dikirani penti aume masiku angapo. Pakani wonyezimira kamodzi kuti atseke, akauma pakani wosanyezimira kamodzi kopyapyala ndi bulashi yotakata yofewa, mbali imodzi yokha, osabwerezabwereza pomwe payamba kuuma. Yesani kaye pa kathabwa kena kokhala ndi wakuda, woyera ndi wotuwa wanu, mukajambule ndi foni vanishi asanapakidwe ndi atapakidwa, muyerekeze.